Kusunga chigoli chimodzi ku matauni a migodi

Mpira wa ku Copperbelt umakumbukiridwa ndi anthu omwetsa zigoli. Ukakhala pansi ndi madoda a ku Wusakile kapena ku Masala, nkhani imayambira pa Godfrey Chitalu, mwana wa ku Luanshya amene anagoletsa zigoli 107 mu 1972, n'kupita pa mwendo wamanzere wa Kalusha Bwalya, kenako njomba za Alex Chola ndi Gibby Mbasela. Koma utawafunsa kuti matimu athu ankatani akatsogola 1-0 kutatsala mphindi 20, ambiri amangoti, "Ankasaka chachiwiri." Akunena zoona. M'yankho limenelo muli ulemerero wathu, komanso muli misozi yathu yambiri. Ntchito yosunga chigoli, yoti chimene wapeza ufike nacho kumapeto, ili ndi mbiri yakeyake m'matauni ano, ndipo siikambidwa kawirikawiri.

Ine ndinabadwira ku Wusakile, ku Kitwe, pafupi ndi bwalo limene kale linkatchedwa Scrivener Stadium, lero Nkana Stadium. Bambo anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito pa mgodi wa Nkana, monga anachitira anthu ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson. M'nyumba tinkalankhula Chichewa, tikatuluka panja Chibemba. Mpira ndinasewera m'matimu a m'komboni amene sanalembedwepo m'nyuzipepala, ndipo nthawi zonse ndinkasewera kumbuyo. N'chifukwa chake anzanga akamayang'ana amene ali ndi mpira, ine diso langa limakhala pa anthu anayi otchinga kumbuyo: mtunda umene asiyana, amene akulankhula, ndi amene wayamba kubwerera m'mbuyo asanauzidwe.

Mpira wa kuno unakulira m'manja mwa migodi. Roan Antelope ku Luanshya inayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933. Rhokana United, imene lero ndi Nkana, inayamba mu 1935, chaka chomwecho chimene anthu akuda ogwira ntchito m'migodi ananyanyala ntchito koyamba ndipo ena anawomberedwa ku Luanshya. Eni migodi anaona kuti amuna zikwizikwi osonkhanitsidwa m'makomboni sangawasiye opanda chochita akaweruka. Azungu anali ndi makalabu awo a rugby, cricket, gofu ndi hockey ya pa udzu. Ife anatipatsa maholo a welofeya, nkhonya ndi mpira. Zolinga zawo zinali zawo, koma chimene chinatuluka m'menemo chinakhala chathu. Mnyamata wodziwa mpira ankapatsidwa ntchito pa mgodi ndi nyumba, n'kumaweruka msanga kuti akakonzekere masewero. Ankakhala m'timu imodzi zaka 10 kapena kuposerapo, ndi anzake omwewo, oyandikana nawo nyumba.

Mfundo imeneyi ndi yaikulu pa nkhani yathuyi. Kumwetsa chigoli munthu mmodzi waluso amatha. Kusunga chigoli kumafuna anthu odziwana mpaka mayendedwe, oti wina akatuluka kukakumana ndi mdani mnzake watseka kale pamene wachokapo, popanda kuitanana. Kudziwana kotere sikugulidwa pa msika wa osewera. Kumabwera ndi zaka.

Ligi ya dziko lonse itayamba mu 1962, Roan United ndiyo inayamba kutenga chikho, kenako Mufulira Wanderers inalamulira, n'kupambana mu 1963, 1965, 1966, 1967 ndi 1969. Anthu amakumbukira Samuel "Zoom" Ndhlovu, ndipo n'koyenera. Koma kumbuyo kwa timu imeneyo kunali Dickson Makwaza, amene ochemerera anamutcha Barbed Wire, waya waminga. Makwaza sankadalira thupi lokha. Ankadziwa kuima, ankadziwa nthawi yolowa, ndipo ankatsogolera anzake ndi mawu. Masiku amenewo wotchinga kumbuyo ankayamikiridwa akamenya mpira wautali kwambiri, bwalo lonse n'kufuula. Bambo anga, amene sankakonda phokoso, ankandigwira paphewa n'kunena kuti, "Taona kumene wagwera. Ukubweranso." Ndipo unkabweradi.

Makwaza ndiye anali kaputeni mu March 1974, pamene Zambia inafika ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Cairo, paulendo wake woyamba ku mpikisanowo, mphunzitsi ali Ante Bušelić wa ku Yugoslavia. Anakumana ndi Zaire, anansi athu a kuseri kwa Kasumbalesa. Simon Kaushi anagoletsa kutatsala pang'ono kupumulira, ndipo Zambia inapita kopuma ili 1-0. Chigolicho chinakhala mpaka pakati pa chigawo chachiwiri, pamene Ndaye Mulamba anabweza. Mu nthawi yowonjezera Ndaye anagoletsanso kutatsala mphindi zitatu, Zaire nayo n'kulephera kusunga, chifukwa Brighton Sinyangwe anabweza pa mphindi yomaliza. Atabwereza masewerowo patapita masiku awiri, Zaire inapambana 2-0. M'zaka zimenezo mpira wa kutali tinkauonera m'makutu, titazungulira wailesi. Liwu limene linkatifotokozera mpira wa dziko lino linali la Dennis Liwewe, amene anabadwira ku Malawi n'kudzayambira ntchito yolemba nkhani ku mgodi wa Nchanga. Bambo ankanyadira kwambiri kuti munthu amene amaimitsa mtima wa Zambia yense ndi wa kwawo.

Tsopano ndifotokoze mmene chigoli chinkasungidwira kale, chifukwa achinyamata a lero sanaone. Chisanafike chaka cha 1992, wosewera ankaloledwa kubwezera mpira kwa goloboyi wake ndi phazi, goloboyi n'kuutola ndi manja. Timu ikatsogola, goloboyi ankaugubuduzira kwa nambala 2. Nambala 2 ankauponda n'kuima, kudikira kuti wakutsogolo wa timu inayo amuthamangire. Akangoyandikira, ankaubweza. Goloboyi n'kuutola, kuukumbatira, kuyang'ana uku ndi uku, kuudunda pansi, kenako kuugubuduzira kwa nambala 3. Zomwezo n'kubwerezanso. Munthu wothamangitsa mpira uja ankatopa thupi ndi mtima womwe. Panalibe lamulo limene linkaphwanyidwa.

Koma ku Wusakile zimenezi sizinkakondedwa, ngakhale achite ndi ana a pakhomo. Munthu watuluka pansi pa mgodi Loweruka, walipira ndalama yake pachipata Lamlungu, sanabwere kudzaonerera goloboyi akulera mpira. Nkana ikabweza kawiri katatu, mluzu unkayambira kwa ochemerera ake omwe. Mwambo umenewu unapanga Nkana ya Moses Simwala kukhala chimene inali: timu yotsogola 1-0 n'kumasewera ngati ndiyo ikugonja. Inatenga ligi mu 1982, 1983, 1985, 1986, 1988, 1989, 1990, 1992 ndi 1993, ndipo kwa zaka zambirimbiri panalibe timu ya kunja imene inaigonjetsa pakhomo m'mipikisano ya Africa. Kumbuyo kwake kunadutsa amuna enieni: Fighton Simukonda, Ben Bamfuchile, Mordon Malitoli, ndi Kapambwe Mulenga amene anamupatsa dzina la Gentile, potengera Claudio Gentile wa ku Italy. Chitetezo chawo chachikulu chinali chakuti mdani sankapeza mpata wopuma kuti aganize zobweza. Pakhomo njira imeneyi inkagwira. Vuto linkabwera paulendo, ku Cairo kapena ku Casablanca, kumene umafunika kupirira mphindi 90 ndi kachigoli kamodzi kamene unapeza kwanu. Nkana inafika ndime yachiwiri kwa yomaliza ya chikho cha akatswiri a Africa kangapo m'zaka za m'ma 1980, osadutsa.

Inadutsa mu 1990, n'kukumana ndi JS Kabylie ya ku Algeria. Ku Algiers Kabylie inapambana 1-0, n'kubwera ku Lusaka kudzasunga chigoli chimenecho. Nkana inabweza, masewero n'kutha 1-0, koma pa mapenate Kabylie inapambana 5-3. Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka. Power Dynamos ya ku Ndeke, timu imene inayamba mu 1971 ndipo inaleredwa ndi kampani ya magetsi ya Copperbelt Power Company, inakumana ndi BCC Lions ya ku Nigeria mu ndime yomaliza ya Cup Winners' Cup. Lions, yomwe inali ndi chikhocho kuchokera chaka chapitacho, inapambana 3-2 kwawo. Pa masewero achibwereza anyamata a Freddie Mwila anapambana 3-1, ndipo chikho chinabwera ku Kitwe. Mpaka lero palibe kalabu ina ya ku Zambia imene inatengapo chikho cha CAF. Maulendo onse awiri alendo ndiwo anabwera ndi chigoli choti asunge, ife tili osaka. Kusaka ndiko tinkakudziwa.

Pano ndipatuke pang'ono ndipite kutali, ku masewero amene kuno sitisewera. Mwana wanga wamwamuna amakhala ku Ontario, ku Canada, ndipo adzukulu anga amasewera ice hockey. Nditapita kukawaona m'nyengo yozizira ndinakhala m'mabwalo awo ndi chijasi chobwereka, n'kupeza kuti funso limene ndakhala nalo moyo wanga wonse anthu a kumeneko analiganizira mozama kuposa ife. Masewerowa amachitikira pa madzi oundana, anthu 6 mbali iliyonse kuwerengera ndi wapagolo. Amamenya ndi ndodo kampira kaphwatalala ka labala kotchedwa puck. Pali zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo masewero akangoima, wotchi nayo imaima. Mvetsetsani pamenepa. Kumeneko sungadye nthawi mwa kugona pansi, kumanga chingwe cha nsapato kapena kuyenda mwaulesi potuluka. Mphindi iliyonse imene yatsala uyenera kuisewera. Ndiye anakakamizika kuphunzira kusunga chigoli ndi masewero enieni.

Nawonso anayamba ndi njira yachidule. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, New York Americans itatsogola 3-2 kwa Boston Bruins inkangomenya kampirako kuchokera kwawo mpaka kumapeto kwa bwalo, maulendo oposa 50, kuti Boston izikatola. Oonerera anakwiya n'kuponya zinthu m'bwalo. Atakumananso, Boston inabwezera zomwezo ndipo masewero anatha opanda chigoli. Mu 1937 ligi ya NHL inaika lamulo la icing: ukamenya kuchokera mbali yako mpaka kumapeto popanda wokhudza, masewero amaima n'kudzayambiranso pafupi ndi golo lako. Kuyambira 2005 anawonjezera kuti timu yochita zimenezi isasinthe osewera, otopa omwewo akhalebe m'bwalo. Mpira wathu unadzachita zofanana patapita zaka 55 chiikireni lamulo la icing. Chikho cha dziko lonse lapansi cha 1990 ku Italy chitatha ndi zigoli zochepa kuposa china chilichonse, 2.21 pa masewero alionse, mu 1992 analetsa goloboyi kutola mpira womubwezera mnzake ndi phazi.

Njira yachidule itatsekedwa, a hockey anapeza ina. Bwalo lawo linagawidwa patatu ndi mizere iwiri yabuluu. Timu yotsogola siithawira pagolo lake. Imakatchera pakati. Mmodzi yekha amapita kutsogolo, osati kukalanda, koma kukankhira mwini kampira kumbali, kukhoma. Awiri amamudikira pakati, awiri ena ali kumbuyo kwawo. Mdani amapezeka wapanikizika kukhoma asanalowe n'komwe m'dera loopsa. Akamulanda, sachita zokongola. Amadutsa mzere wapakati, n'kukankhira kampirako kukona ya kutali, n'kusinthana msanga ndi anzawo amene apuma, chifukwa kumeneko osewera amasinthana masewero ali mkati, aliyense atathamanga nthawi yosakwana mphindi imodzi. Njira imeneyi amaitcha neutral zone trap. New Jersey Devils ya mphunzitsi Jacques Lemaire inatenga nayo Stanley Cup mu 1995, itagonjetsa Detroit Red Wings masewero anayi otsatizana. Anthu ambiri anaida, ankati ikupha kukoma kwa masewero, ndipo mu 2005 malamulo ena anasinthidwa kuti aifooketse. Ine nditaiona ndinakumbukira agogo anga ku Ntcheu. Polondera chimanga sankakhala pakati pa munda. Ankamanga nsanja kumalire, kumbali ya phiri kumene anyani amatsikira.

Ali ndi nkhani zawo za kusunga ndi kutaya. Pa 22 February 1980 ku Lake Placid, anyamata a ku makoleji a ku America anatsogola 4-3 kwa Soviet Union kutatsala mphindi 10 ndendende. Sanadzitsekere pagolo. Anapitiriza kukumana ndi mdani pakati, akusinthana pafupipafupi, mpaka nthawi inatha. Pa 13 May 2013, Toronto Maple Leafs inali 4-1 ku Boston kutatsala mphindi zosakwana 11, pa masewero omaliza osankha wopitirira. Boston inabweza chimodzi, kenako inatulutsa wapagolo wake n'kulowetsa wosewera wachisanu ndi chimodzi, ndipo inagoletsa ziwiri mu mphindi imodzi ndi theka yomaliza. Patrice Bergeron, amene anafananitsa zigoli, ndiyenso anamaliza mu nthawi yowonjezera, 5-4. Ku Ontario ukatchula usiku umenewo anthu amagwetsa nkhope monga timachitira ife ukatchula Casablanca.

Casablanca ndi pa 10 October 1993. Miyezi yosakwana isanu ndi umodzi m'mbuyomo, usiku wa pa 27 April, ndege ya asilikali inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ndipo anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Kitwe ndi Mufulira zinalira ana ake: John Soko ndi Eston Mulenga a Nkana, Wisdom Chansa ndi Winter Mumba a Power, goloboyi Efford Chabala wa Wanderers, pamodzi ndi aphunzitsi Chitalu ndi Chola. Anthu otchinga kumbuyo amene anakhala zaka akuphunzirana anapita usiku umodzi. Timu yatsopano, yosonkhanitsidwa mozungulira Kalusha, inapita ku Morocco ikungofunika kufanana mphamvu kuti ipite ku chikho cha dziko lonse lapansi ku America. Inapirira chigawo choyamba chonse. M'chigawo chachiwiri Abdeslam Laghrissi anagoletsa, zonse n'kuthera pomwepo.

Komabe timu yomweyo inatisonyeza kuti ana a ku migodi amatha kutseka. Ku Tunisia mu 1994, Harrison Chongo wa ku Mufulira ndi Elijah Litana wa Roan United ataima pakati kumbuyo, Zambia inafika ndime yomaliza osachinyidwa ngakhale chimodzi: 0-0 ndi Sierra Leone, 1-0 ndi Côte d'Ivoire, 1-0 ndi Senegal, 4-0 ndi Mali. Pa 10 April, pokumana ndi Nigeria, Litana anagoletsa ndi mutu pa mphindi yachitatu. Ku Wusakile anthu anali akadali kukumbatirana pamene Emmanuel Amunike anabweza, patangodutsa mphindi ziwiri. Chigawo chachiwiri chitangoyamba anagoletsanso. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Nthawi ziwiri zoopsa kwa timu yotsogola zinaonekera tsiku limenelo: mphindi zotsatira chigoli chako, ndi mphindi zoyambirira mukabwera kopuma. Yachitatu ndi mphindi zomaliza, ndipo imeneyo tinadzaiphunzira ku Ndola.

Pakati apa maziko anasuntha. ZCCM, imene inaphatikiza migodi yonse mu 1982 ndipo inkasamalira matimu, mabwalo ndi maholo a achinyamata, inagulitsidwa zigawozigawo, ntchitoyo n'kutha mu 2000. Eni atsopano anabwera kudzakumba mkuwa. Mabwalo ambiri a m'makomboni anamera udzu, Mufulira Wanderers inatuluka mu ligi yaikulu n'kukhala kunja zaka zambiri, ndipo ngakhale Nkana inatulukapo. Wosewera wabwino anayamba kukhala chaka chimodzi kapena ziwiri n'kupita ku South Africa kapena kuwoloka malire kupita ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi. Sindiwadzudzula, munthu ayenera kudyetsa banja lake. Koma anthu anayi akumbuyo amene amasintha chaka chilichonse sangadziwane ngati a Makwaza. Mphamvu zinasamukira kwa matimu a makampani a magetsi. Zesco United ya ku Ndola inatenga ligi mu 2007 ndi 2008 ili ndi Wedson Nyirenda, ndipo mu 2009 inakhala timu yoyamba ya ku Zambia kulowa m'magulu a CAF Champions League, mphunzitsi ali Fighton Simukonda yemwe uja wa ku Nkana.

Chaka cha 2012 chinatipatsa chitsanzo chabwino koposa. Timu ya Hervé Renard inali ndi anthu amene anakulira limodzi m'matimu a achinyamata a dziko lino, odziwana ngati a m'komboni imodzi. Ku Bata, pa 8 February, Kennedy Mweene anagwira penate ya Asamoah Gyan, Emmanuel Mayuka n'kugoletsa pa mphindi ya 78, ndipo Ghana inalephera kubweza. Pa 12 February ku Libreville anatseka Didier Drogba ndi anzake mphindi 120, n'kupambana 8-7 pa mapenate, yomaliza atamenya Stoppila Sunzu, wotchinga kumbuyo. Mu June chaka chomwecho Ndola inatsegula bwalo la Levy Mwanawasa, mzindawu utakhala zaka zambiri wopanda bwalo lalikulu chigwetsereni la Dag Hammarskjöld m'zaka za m'ma 1980. Pa 9 June Ghana inabweranso. Christopher Katongo, mwana wa ku Mufulira, anagoletsa pa mphindi ya 15, ndipo chigolicho chinasungidwa mphindi 75. Ndinali m'bwalomo, ndipo chimene chinandisangalatsa kuposa chigolicho chinali kuona osewera akutsogolo akugwira ntchito. Mpira ukatayika sankaima manja m'chiuno. Ankathamangira kukatseka njira ya pakati kuti Ghana izidutsa m'mbali. Ndipo anthu a ku Copperbelt, amene kale ankaimbira mluzu timu yawo ikachedwetsa mpira, tsiku limenelo ankaombera m'manja aliyense wolanda.

Sizinakhalitse. Mu January 2013 ku Nelspruit, Collins Mbesuma anatitsogoza 1-0 kwa Ethiopia imene inali itatsala ndi anthu 10, koma masewero anatha 1-1. Mu June chaka chomwecho ku Ndola, Jacob Mulenga anagoletsa kwa Sudan, ndipo Sudan inabweza nthawi yomweyo, anthu asanakhale pansi. Mapointi awiri amenewo anatisowa kwambiri pa mpikisano wopita ku Brazil, Ghana n'kutipitirira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi September 2016. Zesco United ya George Lwandamina inafika ndime yachiwiri kwa yomaliza ya Champions League, itagonjetsa Al Ahly 3-2 ku Ndola m'magulu. Mamelodi Sundowns ya Pitso Mosimane inabwera ku Levy Mwanawasa. Chigawo chachiwiri chitayamba, Jackson Mwanza anagoletsa ziwiri motsatizana, patangodutsa mphindi ziwiri. Ndola yense anali chilili. Ine ndinakwera minibasi kuchokera ku Kitwe m'mawa ndi mnzanga wina amene tinagwira naye ntchito zaka zambiri, munthu wa Power weniweni, koma tsikulo ankaimba ngati wobadwira ku Ndola. Kutatsala mphindi 10 anandigwedeza n'kunena kuti, "Achimwene, tapita ku fainolo." Sindinamuyankhe, maso anga anali pa wotchi. Pa mphindi ya 86 Khama Billiat wa ku Zimbabwe anabweza chimodzi. Masewero anatha 2-1, Zesco itapambana, koma tinkatuluka m'bwalo mwakachetechete, chifukwa aliyense ankadziwa lamulo la chigoli cha paulendo. Ndi 2-0, Sundowns ikanafunika zigoli zitatu kwawo kuti idutse popanda mapenate. Ndi 2-1, chimodzi chokha chinali chokwanira. Ku Pretoria Anthony Laffor anachipeza pa mphindi zoyambirira, Percy Tau n'kuwonjezera, ndipo Sundowns inakatenga chikho pogonjetsa Zamalek. Mphindi zinayi za ku Ndola zija zinasiyanitsa timu imene lero ili ndi nyenyezi pa malaya ndi imene ilibe.

Chaka chotsatira, m'bwalo lomwelo, mu Confederation Cup, Zesco inali 2-1 kwa SuperSport United itachita kale 0-0 ku South Africa. Thuso Phala anabweza kumapeto kwenikweni, 2-2, ndipo SuperSport inadutsa ndi zigoli za paulendo.

Sindiloza chala wosewera aliyense, pakuti ndinaimapo kumbuyo ndipo ndikudziwa chimene chimachitika m'thupi pa mphindi zimenezo. Palibe mphunzitsi amene amauza anyamata ake kuti akaunjikane pagolo. Miyendo ndiyo imabwerera yokha, phazi limodzi, kenako lina, aliyense akuopa kuti mpira umudutsa pamutu. Osewera pakati amatsatira, wakutsogolo n'kutsala yekha kutali. Mpira uliwonse umene mwachotsa umagwera mdani, n'kubweranso, monga ankanenera bambo. Ukalola mipira 15 kugwera m'bokosi mwako, umodzi udzagunda bondo la wina n'kugwera pa phazi losayenera. Anthu a hockey amene amawerenga ziwerengero za masewero anaona zomwezo kwawo: timu ikatsogola, adani ake amayamba kumenya pagolo kwambiri kuposa iyo, ngakhale ikhale timu yamphamvu. Ndi chibadwa cha munthu, ndipo chimathetsedwa pokonzekera, osati pokalipa Lamlungu kuchokera pa benchi.

Njira zachidule zikupitiriza kutsekedwa. Oyimbira masiku ano amawonjezera mphindi zambiri kumapeto, ndipo kuyambira 2025 goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8, timu inayo imapatsidwa kona. Kugona pansi ndi kuitana machira, kumene matimu a mu ligi yathu amadalirabe, phindu lake likuchepa chaka ndi chaka. Mpira ukuyandikira kumene hockey inafika kale, koti nthawi yotsala uyenera kuisewera yonse.

Ku Ontario ndinaona ana a zaka 12 akuphunzitsidwa mphindi ziwiri zomaliza ngati phunziro lapadera: asanu kulimbana ndi asanu ndi mmodzi, mphunzitsi ali ndi wotchi m'manja, aliyense akudziwa pamene aime ndi kumene akankhire kampira akakapeza. Nditabwerako ndinayamba kuchita zofanana ndi anyamata amene ndimawathandiza Loweruka m'mawa pa bwalo lafumbi ku Chamboli. Ndimawagawa, timu ina anthu 9, ina 11. A 9 aja ndimawapatsa 1-0 ndi mphindi 10. Ndimajambula mzere ndi phulusa mapazi angapo kunja kwa bokosi lawo, ndipo otchinga kumbuyo saloledwa kuudutsa chobwerera pokhapokha mpira utawadutsa. Akalanda, ayenera kupatsirana katatu kapena kuutengera kukona ya adani asanautaye. Ndikamaliza ndimayambitsa ina: timu ikangogoletsa, ndimaletsa kuvina, ndipo mphindi zisanu zotsatira chigoli chilichonse cha adani chimawerengedwa ziwiri. Anyamatawo amadandaula, amafuna kumenya pagolo ngati Patson Daka ndi Fashion Sakala, ndipo makolo ena oima m'mbali amandifunsa ngati ndikuphunzitsa ana awo mantha. Ndimawapempha kuti abwere sabata yotsatira adzaimirire kumbuyo kwa golo la a 9 aja, adzamve mmene mnyamata wa zaka 14 wayambira kulankhula ndi anzake atatu.